Mwaona kapena mwangolingalira? Mafunso ndi mayankho pa kaganizidwe ka sayansi kuno ku Nkhotakota

Mafunsowa amachokera kwa ophunzira okonzekera mayeso a MSCE, alimi, asodzi ndi ena amene amalemba malipoti a za m'munda, za m'nyanja kapena za umoyo. Kusukulu zinthu ziwirizi amazitchula kuti observation ndi inference. Pano tizitchula kuti kuona ndi kulingalira.

Kodi kuona ndi kulingalira zimasiyana pati?

Kuona ndi chilichonse chimene chafika kwa inu kudzera m'maso, m'makutu, m'mphuno, pa lilime, pa khungu kapena pa chida choyezera. Kulingalira ndi zimene mutu wanu wawonjezerapo pofuna kufotokoza chimene mwaonacho.

Imani pagombe m'mawa wina nthawi ya dzinja. Patali pakati pa nyanja pali chinthu chakuda chimene chaima ngati mzati, chikuyenda ndi mphepo. Mlendo wochokera kumtunda amati, "Boti likupsa uko." Msodzi amaseka n'kunena kuti, "Ndi nkhungu zimenezo." Onse awiri alingalira. Chimene maso awo alandira n'chimodzi: mzati wakuda, wautali, woyenda. Moto palibe wauona, ndiponso pa mtunda umenewo palibe angaone kachilombo ngakhale kamodzi.

Kusiyana kwake n'kwakuti ganizo la msodzi lili ndi pogwira. Iye anaonapo kangapo mzati wotere ukufika kumtunda, anthu akukupiza malichero n'kupezamo tizilombo touluka timene mphutsi zake zimakulira m'madzi. Ganizo la mlendo latsamira pa kufanana basi. Paja maso apatali amawongola mtengo.

N'chifukwa chiyani zimasokoneza chonchi, pomwe zikumveka zophweka?

Mbali ina ya vuto ili m'kayankhulidwe kathu. Mneni woti kuona timamutuma ntchito ziwiri. "Ndaona ng'ona pa Chia" ndi nkhani ya maso. "Ndikuona kuti mvula ichedwa chaka chino" ndi maganizo, maso sanachitepo kanthu. Kumva nakonso n'chimodzimodzi: timamva phokoso, timamva kuzizira, timamva fungo, komanso timamva kwa anthu. Munthu akati "ndamva kuti madzi a pachitsime chija akununkha", mufunseni ngati inamva ndi mphuno yake kapena khutu lake.

Maina ena a zinthu amabwera atanyamula kale chigamulo. Kaufiti ndi chitsanzo chabwino. Makolo anaona chimanga chikupinimbira pomwe pamwamba pa nthaka palibe chooneka, kenaka patuluka kaudzu ka maluwa ofiira, ndipo dzina linagwera ku ufiti. Zimene anaonazo zinali zolondola ndithu. Kufotokoza kwake kuli pansi pa nthaka: kaufiti amamatirira ku mizu ya chimanga n'kumayamwa madzi ndi chakudya kwa masabata angapo asanatulukire kunja.

Komabe Chichewa chomwechi chili ndi zida zabwino zosiyanitsira, bola tizigwiritsa ntchito: akuti, mwina, zikuoneka ngati, ayenera kuti, n'kutheka kuti.

Ndingadziwe bwanji kuti chiganizo chimene ndalemba ndi cha kuona?

Chifunseni mafunso atatu. Kodi kamera ya foni, sikelo kapena tepi yoyezera ikanatha kugwira zimenezi? Kodi munthu amene sagwirizana nane pa chifukwa chake angavomereze chiganizochi ataima pomwe ndinaima? Kodi ndinalipo pa nthawi imene ndikunenayo?

Kenaka sakani mawu amene amazembetsa maganizo. Chifukwa, ndiye kuti ndi choncho amaoneka msanga. Ovuta kuwagwira ndi aneni onga "zathiridwa mankhwala", "zabedwa", "walumidwa", amene amaloza wochita yemwe simunamuone. Maina a matenda nawonso ndi maganizo, ngakhalenso mawu onena za mumtima mwa nyama, monga akuti njovu yakwiya kapena ng'ombe ikuchita mantha.

"Nkhuku zafa ndi chitopa" mulembe motere: nkhuku 14 mwa 20 zafa m'masiku 4, zina zinapinda khosi, zitosi zinali zobiriwira. Mukatero dzina la chitopa mulilembe pamzere wakewake ngati ganizo lanu. Mlangizi wa ziweto akawerenga mzere woyambawo akhoza kugwirizana nanu kapena kukutsutsani. Mukangomupatsa dzina la matenda mwamumanga manja.

Ndiye kuti kulingalira n'koipa?

Ayi. Sayansi yopanda kulingalira ikanangokhala kaundula wa manambala. Tsiku lililonse timaona dzuwa likutuluka m'nyanja kum'mawa n'kukalowa kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Zoti dziko ndilo likuzungulira palibe amaziona ataima pamchenga. N'zolingalira, koma zotsimikizika kuchokera mbali zambirimbiri. Apa maso ndi amene amanyenga, ndipo kulingalira ndiko kumakonza.

Oyang'anira nyama kunkhalango ya Nkhotakota, kumene anasamutsirako njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, amadalira kulingalira tsiku ndi tsiku. Akapeza phazi lakutsogolo la njovu pamatope, akhoza kuyeza kuzungulira kwake n'kuchulukitsa kawiri, ndipo amapeza pafupifupi msinkhu wa njovuyo kufika paphewa. Ndowe ikakhala yofunda mkati, njovu sinapite patali. Njovuyo sanaione, koma njira yochoka pa phazi kufika pa msinkhu inayesedwa pa njovu zimene zinayezedwa zenizeni.

Choipa ndi kulemba cholingalira pamalo pa choona ndi maso. Ganizo likalembedwa ngati ganizo, wina amabwerera kukaliyesa. Likavala malaya a "ndinaona ndekha", palibenso amapita kukafufuza.

Ndikawerenga nambala pa chida, ndaona kapena ndalingalira?

Mwaona nambala. Zimene nambalayo ikutanthauza mwadalira kuti chida chili bwino komanso mwachigwiritsa ntchito moyenera.

Tengani madzi owira. Buku limati amawira pa madigiri 100, koma amatero pamalo olingana ndi nyanja yamchere. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamenepo, ndipo pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera madzi amawira msanga ndi digiri imodzi kapena kuyandikira apo. Choncho ku Nkhotakota thermometer yabwinobwino ionetsa 98 ndi kanthu pang'ono, ku Lilongwe pakati pa 96 ndi 97. Ophunzira ambiri akaona 98 amalemba 100, poopa kuti alakwitsa. Atero ataya zimene aona n'kulemba zimene amayembekezera. Ena amati chida chawonongeka, limenenso ndi ganizo losayesedwa. Kuliyesa n'kosavuta: ikani thermometer m'kapu ya ayezi wophwanyaphwanya amene wayamba kusungunuka, dikirani mphindi 3, ione ngati ifika pa 0. Powerenga diso likhale molingana ndi mzere, ndipo kamutu ka thermometer kasagunde pansi pa poto.

Pa mayeso a mu labotale, n'chiyani chimalembedwa pa observation ndipo n'chiyani chimapita pa conclusion?

Mukadontheza ayodini pa ufa wa kondowole, pa observation lembani kuti mtundu wasintha kuchoka pa wofiirira kufika pa wabuluu woderako kwambiri. Mawu akuti muli starch ndi a pa conclusion. Mukauzira mpweya m'madzi a laimu, mwaona madzi opanda mtundu akusanduka ngati mkaka. Carbon dioxide simunamuone. Mukaponya magnesium mu asidi, mwaona thovu, mwamva chubu chikufunda, ndipo kachitsulo kakuchepa. Dzina la mpweya wotulukawo lidikire kufikira mutayandikiza kamtengo koyaka n'kumva kaphokoso koti phu.

Lembani mtundu woyamba ndi womaliza, onse awiri. Ndipo pamene sipanasinthe kanthu, musasiye mpata wopanda kanthu: "mtundu sunasinthe" ndi zimene mwaona.

Chimanga changa chachita chikasu. Si umboni wokwanira woti chikufuna feteleza?

Chikasu ndicho mwaona. Njala ya feteleza ndi limodzi mwa maganizo osachepera asanu, ndipo thumba la urea si lotsika mtengo kuti muligule pongoganizira. Bwererani m'munda mukaone mozama, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi funso loti masamba ake ndi ati. Nayitrojeni akachepa, chikasu chimayambira pa masamba akunsi, kuchokera kunsonga kutsata msempha wapakati, mooneka ngati chilembo cha V. Zimatero chifukwa mbewu imasamutsa nayitrojeni kuchoka ku masamba akale kupita ku atsopano. Sulphur akachepa, amene amayezuka ndi masamba ang'ono a pamwamba, popeza iyeyu sasamuka msanga m'mbewu. Potassium akachepa, masamba akunsi amapserera m'mphepete pomwe pakati pali pobiriwira. Timizere tachikasu todukaduka totsata misempha ya tsamba timaloza ku matenda a kachilombo ofalitsidwa ndi tizilombo todumpha, ndipo feteleza sangachize amenewo.

Kenaka onani kuti ndi mbali iti ya munda. Ngati chikasu chili kumunsi kokha kumene madzi amaima mvula ikagwa, kumbani phando limodzi. Mizu yoderako ndi yonunkha ikuloza ku kulowa madzi: mizu yasowa mpweya, ndipo urea wothira pamenepo angotayika. Ngati chimanga chapinimbira m'zigawozigawo, n'kumafota ngakhale nthaka ili yonyowa, tsukani mizu m'beseni muone ngati pali timphukira toyera tomatirira, amene ndi kaufiti asanatuluke. Pa nthaka yamchenga ya m'mbali mwa nyanja nayitrojeni amatsukikadi msanga mvula ikachuluka, choncho ganizo lanu loyamba lija lingakhale lolondola. Koma liyeseni.

Kayesedwe kake ndi aka. Sankhani mizere 4 yotalika mamita 10, thirani urea monga mwa masiku onse. Mizere 4 yoyandikana nayo musathire. Bwerezani zimenezi pamalo 3 osiyana m'mundamo, ndipo khomani zikhomo kuti musaiwale. Nthaka ikakhala yonyowa, pakatha masiku 7 mpaka 10 kusiyana kuoneke. Mizere yosathira ija ndiyo mtima wa ntchito yonse. Popanda iyo, chimanga chikabiriwira simungadziwe ngati wachititsa ndi urea kapena dzuwa limene lawala madzi n'kuphwa.

Tapeza nsomba zakufa zambiri pagombe. Anthu akuti wina wathira katupe. Tilembe chiyani?

Musalembe katupe pokhapokha wina anaona akusinja ndi kuthira. Lembani tsiku ndi ola, malo enieni, ndi kutalika kwa gombe limene pali nsombazo. Werengani nsomba pa mamita 10 m'malo atatu osiyana m'malo mongoti zambirimbiri. Tchulani mitundu: kodi ndi chambo ndi utaka zokha, kapena kampango ndi mlamba zilimonso? Zazikulu zokha kapena ndi tiana tomwe? Tsegulani makha muone mtundu wake, yang'anani zilonda pakhungu, nunkhizani madzi, ndipo lembani mphepo imene yawomba masiku atatu apitawo. Onaninso ngati achule, nkhanu ndi nkhono zafa.

Tsatanetsataneyu ndi amene amasiyanitsa zifukwa. Kunsi kwa nyanjayi, kupitirira mamita pafupifupi 250, kulibe okosijeni, ndipo mphepo yamphamvu monga mwera ingathe kukankhira madzi akuya pamwamba. M'madzi osayenda monga a m'damu kapena m'mbali mwa Chia, okosijeni amachepa kwambiri m'bandakucha, chifukwa usiku wonse zomera za m'madzi zimangomugwiritsa ntchito osapanga wina. Zikatero nsomba zimaoneka zikupuma pamwamba m'mamawa, zazikulu zimayamba kufa, koma mlamba umapirira popeza umatha kupuma mpweya wa kunja. Zilonda zofiira zakuya zimaloza ku matenda, monga aja a EUS amene anapezeka ku Mchinji mu 2020. Mankhwala nthawi zambiri amapha mwadzidzidzi, mitundu yambiri pamodzi, kuyambira malo amodzi kutsata kumene madzi akulowera.

Tungani madzi m'botolo loyera, dzadzani mpaka pakamwa, tsekani, ikani pozizira limodzi ndi nsomba zingapo zimene zangofa kumene, n'kudziwitsa a zausodzi tsiku lomwelo. Nsomba yoola siuza munthu kanthu. Ndipo nsomba zotere musadye kapena kugulitsa.

Pali chifukwa china chosamalira apa. Mawu oti wathira amafuna mwini, ndipo pamudzi sipachedwa kupezeka dzina.

Usipa wachepa padoko. Si ndiye kuti ukutha m'nyanja?

N'kutheka, koma ndowa za padoko zokha sizinganene. Usodzi wa usiku wa chilimira umadalira nyali za siginala, ndipo mwezi ukawala kwambiri usipa susonkhana bwino pa nyali. Mwera ukalimba maboti ambiri sapita. Choncho muyenera kulemba zinthu zitatu: ndowa zimene zatsika, maboti amene anapita, ndi maulendo amene anaponya khoka.

Tiyerekeze kuti chaka china maboti 10 ankabweretsa ndowa 200, ndipo tsopano maboti 40 akubweretsa ndowa 400. Wogula aona kuti usipa wachuluka kawiri. Koma boti lililonse latsika kuchoka pa ndowa 20 kufika pa 10. Nambala yachiwiriyi ndiyo imayandikira ku zimene zili m'madzi, bola muyerekeze miyezi yofanana ndi nyengo yofanana ya mwezi kumwamba, kwa zaka zingapo.

Nyanja itasefukira mu 2024, ambiri ankati atseka pa Liwonde. Kumeneko kunali kuona?

Choona chinali chakuti madzi anakwera n'kupitirira mulingo wa mamita 476 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo analowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo. Zokhudza Kamuzu Barrage, chotchinga madzi cha pa mtsinje wa Shire ku Liwonde, zinali kulingalira, ndipo sikunali kopanda nzeru, poti zitseko zake zimasinthadi madzi otuluka mu Shire. Funso ndi loti gawo lake ndi lalikulu bwanji. Madzi ambiri amene nyanjayi imataya amauluka ndi dzuwa, odutsa mu Shire ndi ochepa poyerekeza. Olowa ambiri amachokera ku mvula yogwa panyanja penipeni ndi ku mitsinje ya kumpoto ndi ya ku Tanzania monga Ruhuhu. M'nyengo imeneyo kummwera kunali ng'amba pomwe kumpoto mvula inagwa yambiri, choncho munthu woyang'ana munda wake wouma sakanaona kumene madzi akuchokera. Mbiri nayo ili ndi mawu: kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inali yotsika moti Shire analeka kutuluka, kenaka inakweranso yokha, pomwe barrage inamangidwa mu 1965. Tisanaloze chala tiyenera kufunsa chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga.

Mwana watentha thupi atavumbwa ndi mvula. Ndi malungo, ndipo mvula ndiyo yachititsa. Cholakwika chili pati?

Pali maganizo awiri obisala. Loyamba lili m'mawu oti malungo, amene timatchulira kutentha thupi kulikonse komanso matenda enieni a tizilombo ta m'magazi. Chimene mwaona ndi kutentha, tinene madigiri 38.5, kunjenjemera ndi kukana kudya. Chibayo, matenda a m'khutu ndi taifodi nazonso zimatenthetsa thupi. N'chifukwa chake kuchipatala amayamba ayeza magazi asanapereke LA.

Ngakhale kachida koyezera kaja kali ndi malire. Mumaona mizere iwiri, wa pa C ndi wa pa T, ndipo muwerenge pa mphindi zimene opanga analemba, kawirikawiri 15 kapena 20. Mzere wa pa C ukapanda kutuluka, zotsatirazo n'zotayidwa. Mzere wa pa T umasonyeza puloteni yochokera ku tizilombo, imene ingatsalire m'magazi masabata angapo munthu atachira. Mwana amene anamaliza LA sabata yatha n'kutenthanso thupi akhoza kuonetsa mizere iwiri pomwe chikumuvuta n'china, choncho auzeni adokotala za mankhwala amene anamwa.

Ganizo lachiwiri ndi loti chimene chayamba ndicho chachititsa. Mvula ndi malungo zimayenderadi limodzi, koma pakati pawo pali zithaphwi ndi udzudzu. Kuchokera pa kulumidwa kufika pa kudwala pamadutsa masiku osachepera 7, choncho mvula ya dzulo siingabale malungo a lero. Azungu nawo anasokera momwemu: dzina loti malaria likuchokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, chifukwa ankaona matendawa pafupi ndi madambo onunkha. Alphonse Laveran anaona tizilomboti m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndipo Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897.

Kope lolembamo zimene taona likhale lotani?

Gawani tsamba pakati. Kumanzere lembani tsiku, ola, malo, chimene mwaona, nambala ndi muyezo wake, ndi chida chimene mwagwiritsa ntchito. Kumanja lembani maganizo, osachepera awiri pa nkhani iliyonse, ndi chimene mungachite kuti musiyanitse. Zomva kwa ena zilembedwe ndi akuti. Lembani nthawi yomweyo ndi bolopeni, ndipo mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi kuti zakale ziziwerengeka. Zolemba madzulo kuchokera m'mutu zimakhala zitasakanikirana kale ndi zimene anzanu anena panjira.

"Mvula yagwa yambiri" sizithandiza. Chitini cha mbali zowongoka, choikidwa poyera kutali ndi mtengo kapena denga kawiri kutalika kwa chinthucho, ndi rula zikwanira. Yezani ola lomwelomwelo m'mawa uliwonse n'kukhuthula. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Ndayang'ana koma sindinapeze kanthu. Ndingalembe kuti palibe?

Lembani kuti simunapeze, ndipo onjezani mmene munayang'anira. "Palibe" ndi ganizo, ndipo mphamvu yake ikudalira kusaka kwanu. Amene wayang'ana pa mtsinje wa Bua mphindi 5 masana osaona ng'ona sanganene kuti pamenepo ndi posambira.

Likodzo likuonetsa bwino zimenezi. Mkodzo wofiira ndi chimene mwaona, ndipo kuno kunyanja kawirikawiri chifukwa chake ndi likodzo, ngakhale pali matenda ena otulutsa magazi. Koma mkodzo woyera sukutanthauza kuti munthu alibe. Mazira a nyongolotsi zake amatuluka ambiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, choncho mkodzo wa m'mamawa ungawaphonye. Amayamba kuoneka patadutsa miyezi iwiri kapena itatu munthu atalowa m'madzi okhala ndi nkhono zofalitsa matendawa, ndipo chiwerengero chawo chimasintha tsiku ndi tsiku. Wa mu labotale akasefa mamililita 10 a mkodzo n'kuyang'ana pa maikulosikopu, amalemba kuti mazira sanaoneke. Ngati zizindikiro zikupitirira, mkodzo uyezedwenso masiku ena awiri, wotengedwa masana, makamaka madontho omalizira.